Tsiku Limene a Willie Anasunga Nthawi

Pa zaka khumi ndi zinayi za banja lawo, Phyllis sanawauzepo amuna ake nthawi yoona. Ukwati wa 2 koloko ankawauza kuti ndi wa 12. Dokotala wa mano akati 11, kunyumba inkafika ili 9. Iye sankachiona ngati chinyengo, inali ntchito ya pakhomo ngati kuchapa. A Willie anali munthu woti ukawauza kuti basi ikunyamuka pompano, m'pamene amayamba kufunafuna polishi ya nsapato. Ndi maola awiri obedwawo ankafika paliponse pa nthawi yake, moti Amalawi a ku Leicester ankawatama kuti ndi bambo osunga nthawi. Iwo ankalandira matamandowo modzichepetsa.

Nkhani ya boti inayamba mu Julaye 2018. A Willie ankayendetsa galimoto yoperekera katundu m'makomo, ndipo tsiku lina anadutsa pa Kilby Bridge, kungotuluka mu Wigston, n'kuona maboti aatali opyapyala a m'ngalande aja. Anali opentedwa zobiriwira ndi zofiira, maluwa ali padenga, mzungu atakhala kumbuyo akumwa tiyi ngati munthu amene sanamvepo za landilodi. Anafika kunyumba atagwidwa kale. Kuyambira tsiku limenelo pa tebulo panalibe nkhani ina. Ankaonera mavidiyo pafoni mpaka chakudya kuzizira, kenako n'kuyamba kuphunzitsa banja lonse. Pali injini zamakono za dizilo, pali zachikale zolira pang'onopang'ono. Pali sitovu ya malasha, pali hita ya dizilo. Koma chimene chinkawasangalatsa koposa chinali chakuti pa boti injini ikamalira imatenthetsa yokha madzi osamba. Madzi otentha aulere, mayi a Chiku. Ankanena mawu amenewa atatseka maso.

Phyllis ankagwira ntchito ya usiku kunyumba yosamalira okalamba, ndipo ankamva zonsezi miyendo ili m'beseni. Sanawakanize. Anali atawaphunzira kale: chinthu ukawakaniza, amachigula mawa lake. Umboni unali pabalaza, makina othamangirapo amene tsopano ankayanikapo matawulo. Ankangoti "mmm," poganiza kuti matendawa atha okha masamba akayamba kugwa.

Masamba anagwa, matenda osatha. Choipa kwambiri, boti linapezeka.

Linali la a Aboobaker, bambo wachikulire wobadwira ku Limbe amene anabwera kuno ali mnyamata. Anali ndi sitolo ku Highfields kumene Amalawi ankagula ufa ndi matemba, ndipo Chichewa chawo chinali chozama kuposa cha ana a Phyllis. Sitoloyo anaisiyira mwana wawo n'kudzigulira boti loti azipumirako. Tsopano, patangotha miyezi isanu, ankaligulitsa, ati chifukwa cha bondo.

Pa chitseko cha firiji panali chikalata cha lendi. Chinkafunika kusayinidwa ndi onse awiri pofika Lolemba, apo ayi nyumba ipita kwa ena chaka chikamatha. Phyllis anali atasayina kale mbali yake. Mzere wa a Willie unali mbee. Ankati asayiniranji munthu woti Khirisimasi akadyera pamadzi? Ndiye panali ana: Chiku wa zaka khumi ndi ziwiri, amene anayankha m'Chingerezi kuti iye akasamukira kwa mnzake, ndi Pempho wa zaka zisanu ndi ziwiri, amene chifuwa chake chinkalira ngati wenzulo kukangozizira pang'ono. Phyllis akaganiza za mwana ameneyu atagona m'chitini choyandama mu Januwale, tulo take tochepato tinkatha.

Lachinayi a Aboobaker anaimba foni. Anaimbira Phyllis, chifukwa aliyense ankadziwa kuti nthawi za banja limeneli zimadzera kwa mayi. Anati abwere Loweruka kudzaona boti, 10 koloko. Anabwereza kawiri kuti asafulumire, 10 koloko yeniyeni, m'mawa kumakhala matope. Madzulo a Willie atafunsa, pakamwa pa Phyllis panayankha pokha.

"8 koloko."

Anali atakonza bwinobwino. Aweruka 7, akwera basi, agona maola awiri, kenako adzutsa munthu.

Loweruka akutuluka pageti ya kuntchito, maso akuyabwa, msana uli wa eni, anapeza galimoto yawo itaima pamenepo. A Willie anali atavala suti ya kutchalitchi, ndevu zitametedwa, ndipo anamuonetsa wotchi. Ana anali atawasiya kale kwa mayi a nyumba yoyandikana nayo. Kwa nthawi yoyamba chikwatiranireni, bamboyu anali atasunga nthawi, ndipo anasunga yabodza.

Phyllis anatsala pang'ono kunena zoona. Kuulula ya lero kunali kuulula zaka khumi ndi zinayi. Analowa m'galimoto.

Ku ngalande anafika 8 isanakwane. Udzu unali woyera ndi chisanu, ndipo m'mphepete mwa madzi munali kachikhungu ka ayezi. Botilo linali lokongola, zimenezo sakanakana: lobiriwira, lalitali, pambali palembedwa kuti Noorjahan, dzina la akazi a mwini wake. A Willie analizungulira mbali imene munthu angazungulire, akusowa tayala loti amenye ndi phazi. Phyllis anaima manja ali m'khwapa, akudzitukwana mumtima. Maola awiri pachisanu, chifukwa cha pakamwa pake pomwe. Anayang'ana mawindo. Anali ndi chisanu, koma atakanda ndi chala sichinachoke. Chinali mkati.

Kenako anamva kulira kwa wilibala.

A Aboobaker ankabwera m'kanjira ka m'mbali mwa ngalande, atavala majekete awiri ndi chipewa chophimba makutu, bondo likugwira ntchito bwino lomwe. Mu wilibalamo munali hita ya gasi, thumba la malasha, matawulo atatu, ndi batire yagalimoto. Atakweza maso n'kuona alendo, anaima. Anayang'ana wotchi yawo. Anayang'ana kumbuyo, ngati akuganiza zobwerera.

"Achimwene, mwafika kale?"

"8 koloko ndi 8 koloko, bwana," anatero a Willie, chifuwa chili patsogolo.

Milomo ya a Aboobaker inayamba kuumba mawu akuti teni. Anayang'ana Phyllis. Phyllis anangotsitsa maso pa wilibala, n'kuwayendetsa pang'onopang'ono: hita, malasha, matawulo, batire. Atamaliza anawakwezanso. Anthu awiri akuluakulu, aliyense ndi katundu wake wobisa. A Aboobaker anameza teni wawo uja n'kunena kuti zoonadi, kusunga nthawi ndi chinthu chabwino. Hitayo ndi zinazo ati ankapititsira mnzawo wa boti lina.

Tulo tinamuthera Phyllis pomwepo. Bambo ake, malemu, anali ndi chigayo ku Lizulu, ndipo akafuna kugula injini ankafika kwa wogulitsa tambala asanatsike, kuti aipeze isanakhudzidwe. Injini yotentha iliyonse imalira bwino. Iye sanachite kukonza zimenezi, koma poti zabwera zokha, sanaone chifukwa chozibweza.

Pakhomo la boti a Willie anavula nsapato, monga munthu woleredwa bwino polowa m'nyumba ya wamkulu. A Aboobaker anayesa kuwaletsa, iwo anakakamira. Anatsika masitepe atatu n'kuponda pansi ndi masokosi opyapyala a suti. Phyllis anaona zala zawo zikupindika zokha. Iye anapepesa kuti mapazi atupa ndi shifiti, n'kulowa ndi nsapato zake.

Mkati munali ngati mufiriji ya nyama, kungoti mufiriji simununkha nkhungu. Mpweya wa aliyense unkaoneka. A Willie anati ndi mpweya wabwino, wa kumudzi. Phyllis anavomera kuti ndi wabwino kwambiri. Kuntchito kwake, ukalowa m'chipinda cha gogo aliyense umayamba wakhudza rediyeta, chitsulo chapakhoma chofunditsa chipinda, ndi kuseri kwa dzanja usanapereke moni, ndipo dzanja lake linayamba kufufuza lokha m'makoma. Silinapeze kanthu. Anafunsa mwaulemu kuti marediyeta ali kuti.

A Aboobaker anati boti ili silifuna zimenezo, lili ndi sitovu. Anaiwonetsa: kabokosi kachitsulo kakuda, pakona penipeni pa khomo lakutsogolo. Ati ikayaka, munthu umavula malaya.

"Nanga ana azigona kuti, bambo?"

Anayenda motsatana ngati ana a sukulu, chifukwa m'botimo anthu awiri sangapatukirane. Anadutsa pokhala, pophikira, bafa, chipinda cha akuluakulu. Timabedi ta ana tinali kumapeto kwenikweni, kena pamwamba pa kanzake. Phyllis anayika chikhato pakhoma la bedi yam'munsi, n'kuchichotsa chitanyowa. Anachipukuta pa jekete ya amuna ake mwachikondi. A Willie anafotokoza kuti kutentha kumayenda, anaonera vidiyo. Phyllis anafunsa ngati kumadziwa kutsegula zitseko zitatu.

Kuseri kwa timabedito kunali kachitseko, ndipo kuseri kwa kachitsekoko kunali injini.

Phyllis ataiona, anaizindikira pomwepo. Chinthu chobiriwira, chamafuta, chokhala ndi gudumu lolemera pambali. Inali ya ku Lizulu yeniyeni, kapena mng'ono wake. Bambo ake anali nazo ziwiri. Ina inkazizira ndi madzi, ndipo inali ndi mgolo pambali umene amayi obwera kuchigayo ankatungamo madzi ofunda osambitsira ana. Inayo inkazizira ndi mphepo basi, inalibe mgolo, inalibe paipi. Phyllis anali woyamba kubadwa m'nyumba yopanda mnyamata, ndiye mu Juni ankailiza yekha asanapite kusukulu. Anayang'ana iyi mbali zonse ziwiri, anaona zimene ankafuna kuona, n'kuzisunga.

A Aboobaker anapotokola kiyi. Injini inabuula kamodzi ngati munthu wodzutsidwa pa Sabata, n'kugonanso. Anati ndi batire chabe, mwamwayi ali nayo ina mu wilibala. Phyllis anawakumbutsa kuti imeneyo ndi ya mnzawo uja. Ndiponso, anatero, si iyo handulo yapachikidwa apo? Boti labwino chonchi lingadalire batire?

A Willie anavula jekete. Analowetsa handulo, anagwira ndi manja awiri, n'kukankha. Gudumu linayenda theka n'kubwerera, kutsala pang'ono kuwachotsa phewa. Anayesanso. Anayesa kachitatu, tayi ikulendewera mu girisi, masokosi akutsetsereka. A Aboobaker ankawalimbikitsa ali pakhomo, patali ndithu, ndipo zinali zoonekeratu kuti handuloyo sanaigwirepo chigulireni. Phyllis anatsamira khoma n'kuonerera. Usiku wonse anali atanyamula anthu, ndiye kuona wina akutuluka thukuta kunamupumitsa kuposa tulo.

Koma anadziwa kuti ikapanda kulira, amuna ake apita kunyumba akunena kuti vuto ndi batire, ndipo Lolemba agula boti ndi batire yatsopano. Anapinda manja a yunifolomu.

"Tapatukani, bambo a Chiku."

Anatuma a Aboobaker kuti abwereke kaye hita ya mnzawo ija, aiyatse pafupi ndi polowera mpweya. Anadikira mpaka chitsulo chitasiya kuluma chala. Kenako anatukula kachitsulo kakang'ono ka pamwamba kamene kamapumitsa injini kuti gudumu lizungulire mopepuka, kamene a Willie m'mavidiyo awo onse sanakaone. Anapukusa handulo, pang'onopang'ono, kenako mwamphamvu, thupi likukumbuka lokha, n'kugwetsa kachitsulo kaja ndi chigongono.

Injini inatsokomola, inalavula utsi wakuda, n'kugwira. Du, du, du, du. Boti lonse linayamba kunjenjemera. Makapu kukhitchini anayamba kuvina. Kabedi ka Pempho, kuseri kwa thabwa limodzi, kankagwedezeka ngati sefa. Kunangosowa mzere wa amayi ndi matumba a chimanga.

Phyllis anatembenuka kuti aone nkhope ya munthu wogonja. Anapeza a Willie akumwetulira mpaka m'makutu, maso akunyezimira.

"Mukuimva, mayi a Chiku? Imeneyi ndiye injini. Ndipo inu mumaidziwa kale. Mulungu amakonza zinthu."

A Aboobaker nawo anatsitsimuka. Anayamba kunena kuti injini zotere sapanganso, imeneyi idzatiika m'manda tonsefe, ndipo mayi ngati awa ndi dalitso pa boti. Anthu awiriwo anayamba kugwirana chanza. Phyllis anaona nyumba ya ku Wigston ikuchoka, ndi bafa yake, ndi marediyeta ake asanu ndi awiri, ndipo anali ataikankha yekha ndi handulo.

Anawasiya asangalale. Anakhala pa sitepe, anamasula zingwe za nsapato, analola injini ilire mpaka kachipindako katafunda. Kenako ananena mofatsa kuti manja a bambo ada ndi girisi, apite kubafa akasambe. Injini yalira nthawi yokwanira, madzi aulere aja ayenera kuti apsa.

Apa mpofunika kudziwa chinthu chimodzi. A Willie ankatha kupirira njala, ngongole ya tulo, ngakhale bwana wamwano, koma osati madzi ozizira. Ankasamba kawiri patsiku, madzi ake otentha moti galasi la kubafa linkauma masana. Kwawo ku Balaka, mu Okutobala, ankapempha kuti awaphitsire madzi.

Anapita kubafa akuimba kanyimbo. Mpope unatsegulidwa. Nyimbo inapitirira pang'ono, kenako inaleka. Anaitana kuti mwina atsegula mbali yolakwika. Anayesa inayo. Anati mwina amachedwa kufika. Phyllis anawauza kuti adikire ndithu, asafulumire, dzanja likhale pomwepo kuti amve akamafika.

Atabwerera, zala zili zotuwa, Phyllis anapempha a Aboobaker kuti awaonetse bambowa paipi imene imachoka pa injini kupita ku thanki ya madzi osamba. A Aboobaker anayang'ana injini ngati akuiona koyamba. Anayang'ana kudenga.

"Iyi imazizira ndi mphepo," anatero Phyllis, akuloza zipsepse zachitsulo za m'mbali mwake. "Simudutsa madzi. Ingalire mpaka Isitala, siingafunditse ngakhale kapu."

A Willie anafunsa, ndi mawu aang'ono, kuti nanga munthu amasamba bwanji. A Aboobaker anati pali ketulo yaikulu, umaika pa sitovu. Phyllis anathandiza kufotokoza: bambo amanyamuka 6 koloko, ndiye sitovu iziyatsidwa cha m'ma 4, phulusa la dzulo litawoledwa, malasha atatengedwa padenga. Iye akanakonda kuthandiza, koma nthawi imeneyo amakhala ali kuntchito. Kenako anatembenukira kwa mwini boti.

"Inu mumasamba bwanji, bambo?"

"Ine ndimasamba ku Highfields."

"Munagonamo kangati muno?"

A Aboobaker anavula chipewa n'kukanda m'mutu. Anati kamodzi, mu Seputembala, ndipo sanafike m'mawa. Nanga mayi Noorjahan, amene dzina lawo lili pambalipo? Iwo analowa tsiku limodzi, anakafika pa sitovu, anafunsa funso lomwelo la marediyeta, n'kukadikira m'galimoto.

A Willie anayang'ana masokosi awo, amene tsopano anali atanyowa mpaka m'zidendene. Phyllis anazimitsa injini, ndipo m'chete mmenemo anadziwa kuti akangonena mawu amodzi owonjezera, munthuyu agula botili pofuna kuonetsa kuti ndi mwamuna. Anangoyamba kumanga zingwe za nsapato.

A Willie anakonza kukhosi. Anauza a Aboobaker kuti boti ndi labwino, thupi lake lilibe vuto, koma iwo kuyambira pachiyambi ankafuna injini yozizira ndi madzi. Anangoiona polowa paja n'kukayikira. Phyllis anati n'zoona, anawaona akuiyang'anitsitsa.

A Willie akuvala nsapato panja, movutikira chifukwa mapazi sankawamva, a Aboobaker anamukokera Phyllis pambali.

"Mayi, ine ndinati teni."

"Ndinamva, bambo."

Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola. Anati Loweruka likubwerali kukubwera wina wa ku Nottingham, kodi sangabwere m'mawa kudzawalizira injiniyi? Ufa wa mwezi wonse ukhala wake. Phyllis anati ufa aziugula monga mwa nthawi zonse, ndipo wa ku Nottingham-yo ngati ali ndi mkazi, amuuze abwere naye.

M'galimoto a Willie anatsegula hita mpaka kumapeto n'kuika manja onse awiri pa kabowo ka mpweya. Phyllis anatsegula chikwama chake cha kuntchito. Chikalata cha lendi chinali mmenemo kuyambira Lachinayi, pamodzi ndi cholembera. Anachiyala pa chiwongolero. A Willie anachiyang'ana, ananena kuti ndi chaka chimodzi chokha, pamene akufufuza boti loyenera. Phyllis anati inde, chimodzi chokha. Siginecha inatuluka yokhota chifukwa zala zinali zisanabwerere, koma inali siginecha. Anachipinda, anachibweza m'chikwama, anatseka zipi, n'kutsamira mpando. Pempho adzagona m'chipinda chake chofunda. Maso anayamba kutsekeka okha.

Akukwera msewu wa ku Wigston, a Willie anayamba kuseka okha. Anati mkulu uja ndi kathyali, hita ija sinali ya mnzake ayi. Akanangochedwa pang'ono akanapeza boti lotentha, mawindo opukutidwa, injini ikulira, ndipo akanagula. Chawapulumutsa ndi kusunga nthawi. Lero aphunzira chinthu. Kuyambira tsopano, nthawi imene yanenedwa ndi yomweyo, osachotsera, osawonjezera.

"Ukwati wa ku Derby uja Loweruka, munati 12 koloko?"

Phyllis anatsegula diso limodzi. Ukwatiwo unali wa 2 koloko. Unalinso wa Amalawi, ndiye mkwatibwi akafika 4 anthu adzati wafulumira.

"12," anatero.

"Tidzafika 12 isanakwane," anatero a Willie.

Phyllis anatsekanso disolo. Anaganiza zodzatenga bulangete ndi fulasiki ya tiyi.